Msana wa azakhali anga ulibe tsiku la ngozi

Funso loyamba limene anawafunsa azakhali anga ku ofesi ina yoona za anthu apantchito linali lakuti, "Mayi, munagwa liti?" Iwo anati sanagwe. "Nanga chinakugwerani n'chiyani?" Anati palibe. Bambo wa pa desikiyo, amene sindikumuimba mlandu chifukwa ankangotsata zimene fomu ikufuna, anatseka faelo n'kunena kuti popanda tsiku la ngozi nkhaniyi ndi yovuta. Azakhali anakwera minibasi kubwerera ku Goliati atagwira m'chiuno, ndalama yoyendera atachita kubwereka kwa mayi anga.

Azakhaliwa anathyola tiyi zaka 17 pa esiteti ina ya m'boma lathu la Thyolo. Dzina la esitetiyo lilibe ntchito pano, poti dengu ndi lomwelo kulikonse. Inu amene tiyi mumangomuona pa makalendala a mabanki, minda yobiriwira ndi phiri kumbuyo kwake, tamverani mmene ntchitoyi imakhalira. Tiyi amamudulira kuti azilekeza cha m'chiuno, ndiye wothyola saima chilili komanso sawerama mpaka pansi. Amakhala chapakati, atapendekera kutsogolo, manja onse awiri ali pa ntchito, dengu lili kumsana likunka lilemera. Likadzaza, alinyamule kukwera nalo chitunda mpaka pa sikelo. Nthawi ya dzinja, masamba akamaphuka usiku ndi usana, ndi pamene munthu amapezako kangachepe, choncho palibe amene amagona kunyumba chifukwa choti msana wayamba kuwawa. Umamwa panado n'kubwerera mu mzere akapitawo asanakulembe kuti wajomba. Chitani zimenezi zaka 17, kenako wina akufunseni kuti munavulala Lachingati.

Lamulo la chipukuta misozi kwa anthu ovulala pa ntchito, Workers' Compensation Act, linabwera m'chaka cha 2000. Pa pepala si loipa ayi. Limati munthu akalumala kotheratu chifukwa cha ntchito alandire ndalama yokwana malipiro a miyezi 54, ndipo akamwalira abale ake alandire ya miyezi 42. Koma khomo lalikulu lolowera m'lamuloli ndi ngozi, chinthu chochitika pa tsiku lodziwika ndi pa malo odziwika, choti abwana achilembe n'kukanena ku boma, adokotala ayeze n'kunena kuti thupi lawonongeka ndi maperesenti angati. Ulipo mndandanda wa matenda obwera ndi ntchito, koma amene anaulemba ankaganizira za fumbi ndi poizoni, za m'fakitale ndi mu mgodi. Wodulidwa chala ndi makina ali ndi tsiku, ali ndi mboni, ali ndi bala loonetsa. Msana umene watha pang'onopang'ono ngati chingwe cha pa chitsime ulibe chilichonse mwa zimenezi, ndiye amakuuza kuti ndi ukalamba. Azakhali anga ali ndi zaka 46.

Lamulo lomwelo linalonjeza thumba la chipukuta misozi, loti olemba anthu ntchito onse azisonkhamo kuti wovulala azilipidwa kuchokera m'menemo. Kwa zaka zoposa makumi awiri thumbalo linangokhala m'mabuku ndi m'zolankhula za pa 1 May. Zotsatira zake n'zakuti chipukuta misozi chimachoka m'thumba la abwana, kapena la kampani ya inshuwaransi imene abwanawo anakagulako chitetezo. Ndiye tadzifunseni kuti ndani amapindula msana ukatchedwa ukalamba. Abwana salipira. A inshuwaransi salipira. Ndipo woyamba kuuona msanawo nthawi zambiri ndi kachipatala ka pa esiteti, kamene amakalipira ndi abwana omwewo. Sindikunena kuti ogwira ntchito m'tizipatala timeneti ndi abodza. Ambiri ndi ana a kwathu konkuno, ndipo amayesetsa ndi mankhwala ochepa amene ali nawo. Ndikunena kuti woyeza ndi wolipira akakhala pansi pa denga limodzi, wodwala amalowa mlandu utatha kale.

Wina anena kuti msana ndi wovuta kuweruza, kuti aliyense atha kunamizira. Mayiko ena anaona vuto lomweli ndipo sanalithawe. Ku Germany, kuyambira 1993, kuwonongeka kwa msana wa m'munsi chifukwa chonyamula katundu wolemera kapena kuwerama kwa zaka zambiri kunalowa pa mndandanda wa matenda a pa ntchito. Amafunsa kuti wagwira zaka zingati, unkanyamula zolemera bwanji, zithunzi za msana zikuonetsa chiyani. Safunsa kuti unagwa liti. Bungwe la ILO linaika matenda a minofu ndi mafupa pa mndandanda wake wa 2010, ndipo la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni pa dziko lonse ankavutika ndi msana wa m'munsi, vuto limene likuposa ena onse polepheretsa anthu kugwira ntchito. Ife amene tiyi ndi imodzi mwa mbewu zimene zimatibweretsera ndalama zakunja, kodi lamulo lathu lingamavutike kuzindikira msana wa wothyola?

Imeneyo ndi mbali imodzi. Mbali inayo ndi imene yandikwiyitsa mpaka kulemba nkhaniyi, chifukwa munthu akabwezedwa ku ofesi msana susiya kuwawa. Amapita kwina.

Chimene azakhali ankafunika ndi mafizo. Koma akatswiri a mafizo m'dziko muno ndi owerengeka. Digiri yake inayamba mu 2010 ku College of Medicine, imene pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, ndipo malo odziwika bwino ngati Kachere ndi Queens ali ku Blantyre. Mafizo si jakisoni woti ubayidwe kamodzi n'kuiwala. Uyenera kupita, kubwerera, kupitanso, sabata ndi sabata. Kwa munthu wa ku Goliati amene ntchito yamuthera, ndiye kuti kabaza, minibasi, chakudya cha pa njira, ndi womuperekeza. Anapita kawiri basi.

Kenako anapita kwa agogo ena a m'mudzi woyandikana ndi wathu, amene anthu akhala akupitako ndi zobinya ndi zobzungunyuka ine ndisanabadwe. Amathowa ndi madzi otentha ndi masamba, amatikita, amakoka miyendo pang'onopang'ono uku akukufunsa za kumunda. Malipiro ndi nkhuku kapena beseni la tomato. Ndinene chilungamo: azakhali ankabwerako akumva bwino, ankagona tulo masiku atatu kapena anayi. Sanachire, koma palibe chinawonongeka.

Amene anawononga ndi wina. Anafika tsiku la msika, mnyamata wa gawuni yoyera amene ankati wachokera ku Joni, ali ndi tebulo lopinda, laputopu yoti "ikuyeza thupi lonse", setifiketi ya mu fulemu, ndi chikwangwani cholembedwa kuti chiropractor. Mawuwo palibe ankawadziwa, ndipo mphamvu yake inali pomwepo. Anawagoneka azakhali chammbali n'kuwapotokola mpaka msana unalira, anthu oonerera n'kuomba m'manja. Analipira K15,000. M'mawa mwake mwendo wakumanzere unachita dzanzi, phazi likukwekwereza pansi. Adokotala anati mtsempha wapanikizika, ndipo kaya chinaumaliza ndi dengu kaya ndi manja a mnyamatayo, palibe angalumbire. Msika wotsatira mnyamatayo kunalibe. Nambala ya pa chikwangwani inasiya kugwira.

Ndiye tikadandaule kuti? Lamulo la Medical Practitioners and Dentists Act la 1987 linakhazikitsa Medical Council of Malawi, imene imalembetsa madokotala, makiliniko ofesa, a mafizo ndi ena, ndipo ikhoza kuwalanda chiphaso akalakwitsa. Khonsoloyi imatseka ndithu zipatala zachinyengo ikazipeza, koma munthu wa tebulo lopinda sadikira kuti apezedwe. Lamulo lomwelo limati silikuletsa munthu kuchiritsa mwa njira zachikuda, bola asachite choika moyo pa chiswe. Kumeneko ndi kulola kwa munthu amene watembenukira kukhoma. Agogo aja ndi ololedwa, koma boma silidziwa kuti alipo, silinawaphunzitse kalikonse, ndipo mawu awo akuti "mayi uyu ndakhala ndikumuthowa zaka zinayi" sangalowe mu faelo iliyonse. Mnyamata uja anakhazikika pakati penipeni. Ukamufunsa za chiphaso cha udokotala akuuza kuti iye ndi wa zachilengedwe. Ukamutchula sing'anga akuonetsa gawuni.

Nditafufuza mbiri ya mawu a pa chikwangwani aja ndinapeza kuti mkangano wathuwu ena anaumenya kalekale. Chiropractic anaiyambitsa ndi D.D. Palmer mu 1895 ku Davenport, m'chigawo cha Iowa ku America. Iye ankaphunzitsa kuti matenda ambiri amabwera chifukwa mafupa a msana asuntha n'kupanikiza mitsempha, ndipo ankati anatsegula makutu a munthu wosamva pongomuwongola msana. Ine zimenezo sindizikhulupirira, ndipo sayansi sinazivomereze. Mu 1906 Palmer anamangidwa chifukwa chochiritsa popanda chiphaso, ndipo otsatira ake ambiri analowanso m'ndende pa mlandu womwewo. Bungwe la madokotala la American Medical Association linalimbana nawo kwa zaka zambiri, mpaka Chester Wilk ndi anzake analisumira mu 1976, ndipo mu 1987 khoti linagamula kuti bungwelo linaphwanya lamulo pofuna kuthetsa ntchito yawo. Inshuwaransi ya boma ya okalamba, Medicare, inavomera mu 1972 kulipira chithandizo chawo, koma chowongola msana chokha, osati zina zonse zimene iwo amati amachiza.

Chimene chikundikhudza ine m'mbiriyi si kupambana kwawo. Ndi chakuti lamulo limene linawalandira ndi lomwenso linawamanga chingwe. Ku Britain, lamulo la Chiropractors Act la 1994 linachititsa kuti ukhale mlandu kudzitchula dzinali usanalembetsedwe ku General Chiropractic Council, ndipo wolembetsedwayo ayenera kukhala ndi inshuwaransi yoti ilipire wodwala iye akamuvulaza. Ku South Africa amalembetsedwa ndi Allied Health Professions Council pansi pa lamulo la 1982, atamaliza zaka zosachepera zisanu ku Durban University of Technology kapena ku University of Johannesburg. Ndiye kuti mnyamata uja, akanayala tebulo lake ku Joni komwe ankati wachokera, akanafunsidwa nambala yake ya m'kaundula. Kuno ku Malawi kulibe yunivesite yophunzitsa ntchitoyi, anthu sadziwa chofunsa, ndipo iye ankadziwa zimenezo bwino lomwe.

Mnzanga wina amene akuphunzira udokotala anandiyankha pa WhatsApp kuti kulembetsa anthu oterewa ndi kuwapatsa ulemu umene sakuyenera, kuti chiphaso cha boma chidzasanduka chikwangwani chachikulu kuposa chija. Mfundo yake ili ndi mutu, ndipo sindiinyoza. Ku Britain komweko, mlembi wa za sayansi Simon Singh atalemba mu 2008 kuti bungwe la British Chiropractic Association likulimbikitsa chithandizo cha matenda a ana chopanda umboni, bungwelo linamusumira, ndipo linangousiya mlanduwo mu 2010 atawononga nthawi ndi ndalama zambiri. Kaundula sasandutsa bodza kukhala zoona. Koma achimwene, inu mukuyankha ngati kuti pali chisankho pakati pa agogo aja ndi katswiri wa mafizo amene akudikira odwala pa Goliati. Katswiriyo kulibe. Anthu akupita kale kwa agogo, lero, mawa ndi mkuja. Funso ndi lakuti azipita mumdima kapena poyera.

Kuletsa tinakuyesa kale. Mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa amayi. Amayi a kutali ndi chipatala sanasiye kubereka usiku, azamba sanasowe, anangoyamba kubisala, ndipo mu 2010 Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho. Mu 2016, anthu achialubino akuphedwa, khoti lalikulu ku Mzuzu linaletsa asing'anga kugwira ntchito. Mkwiyo wake unali womveka, koma chigamulo chotero chimaika m'thumba limodzi wogula mafupa a anthu ndi wothowa bondo, chifukwa dziko lilibe kaundula wodalirika wowasiyanitsira. Lamulo la ufiti limene timagwiritsabe ntchito ndi la atsamunda, la 1911. Anzathu a ku Zimbabwe anakhazikitsa lamulo la asing'anga mu 1981, a ku South Africa mu 2007. Sikuti kumeneko zonse zili bwino, koma wovulazidwa ali ndi khomo loti agogode.

Ndipo pali chinthu china chimene mnzanga wa udokotalayo akuchidziwa kuposa ine. Si msana uliwonse wowawa umene uli wa dengu. Kuno kwathu kuli TB ya msana, imene imadya fupa mwakachetechete, ndipo kupotokola msana wotero ndi kumulumalitsa munthu mpaka kalekale. Zizindikiro zoopsa si zambiri: kuonda, thukuta la usiku, kutentha thupi, dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, kulephera kugwira mkodzo. Munthu wosapita ku sukulu akhoza kuziphunzira masana amodzi. Agogo aja akanakhala m'kaundula wa boma la Thyolo, wa zaumoyo akanawaitana n'kuwauza kuti akaona izi asagwire, atumize ku chipatala cha boma kapena ku Malamulo, n'kuwapatsa kapepala kotumizira. Panopa palibe angawaitane poti palibe anawalemba.

Ndili ndi mawunso kwa anzanga a m'kalasi mwanga, amene tikangomva mawu oti nzeru za makolo timayamba kugwedezera mitu ngati tili m'tchalitchi. Timakonda kulemba maesee otamanda asing'anga ngati asilikali olimbana ndi utsamunda, koma ife tikadwala timathamangira ku chipatala cha pa kampasi. Makolo analibe X-ray. Lumo limodzi lotemera mphini anthu asanu si chikhalidwe choti tichiteteze. Ngati tikufuna kuti agogo aja alemekezedwe, tivomerenso kuti afunsidwe, ayezedwe, ndipo akalakwitsa alangidwe. Ulemu umene timawapatsa m'maesee sunawonjezere nkhuku ndi imodzi yomwe m'khola mwawo, ndipo umathandiza kwambiri anthu ngati mnyamata wa gawuni uja.

Otsala ndi a zachuma. Iwo amati mitengo ya tiyi pa msika wa ku Limbe ndi yotsika, makampani akulira, ndipo mukawonjezera msonkho wa thumba la chipukuta misozi adzagula makina othyolera n'kuchotsa anthu. Mwina. Koma mtengo wa msana wa azakhali ukulipidwa kale, kungoti suoneka m'mabuku a kampani. Akulipira ndi mayi anga, amene tsopano akudyetsa makomo awiri. Akulipira ndi msuweni wanga wamng'ono amene anasiyira sukulu Fomu 2. Thyolo ikuidziwa bwino nyimbo yoti munda sungayende popanda wina kutaya kanthu. Pa nthawi ya thangata ankatinso choncho. Ndipo zinthu zimasintha zikakakamizidwa. Mgwirizano woyamba wa malipiro pakati pa bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU ndi Tea Association of Malawi unasainidwa mu 2016, ndipo tiyi sanathe. Amayi 36 ogwira ntchito m'minda ya tiyi ya kuno, amene ankadandaula za nkhanza zogonana, anakapeza chipukuta misozi mu 2021 kudzera m'makhoti a ku London, kampani ya Camellia itavomera kulipira ngakhale sinavomere mlandu. Msana wa azakhali anga sungafike ku London. Ngakhale ku Blantyre unalephera kufika kachitatu.

Goliati watulutsa apulezidenti awiri a dziko lino, mmodzi mwa iwo pulofesa wa malamulo amene anakhalaponso phungu wa dera lathu. Pa Ndata pali yunivesite ya sayansi, MUST, imene inatsegulidwa mu 2014. Sindikunena izi kuti ndinyoze aliyense, ndipo maboma a zipani zonse akhala nalo lamuloli m'manja chiyambire 2000. Ndikungodabwa kuti dera lodzaza ndi ophunzira chonchi, lozunguliridwa ndi anthu onyamula madengu, silinapangepo phokoso pa nkhani ya msana. Ife a ku yunivesite timatseka misewu chifukwa cha ngongole za sukulu, ndipo n'zoyenera. Koma ndalama imene ena a ife tinayambira sukulu inachokera pa sikelo ya tiyi.

Zimene ndikufuna si zodabwitsa. Thumba lija ligwire ntchito mokwanira, ndipo woyeza wovulala asakhale wolipidwa ndi abwana. Aphungu aonjezere matenda a msana obwera ndi kunyamula ndi kuwerama pa mndandanda wa matenda a pa ntchito, kuti zaka za m'munda zikhale umboni m'malo mwa tsiku la ngozi. Aliyense wogwira msana wa mnzake pofuna malipiro, kaya wavala gawuni kaya chilundu, akhale m'kaundula amene munthu angamufunse pa foni, ndipo wodzitchula dzina la ukatswiri wakunja aonetse kumene anaphunzira komanso inshuwaransi yake asanayale tebulo. Ophunzira malamulo ku Zomba amene mumasowa mutu wa kafukufuku, mutu ndi umenewu. Bwerani tsiku la msika, ndikuperekezani.

Azakhali pano amagulitsa tomato pa msika wa Goliati atakhala pa thumba, mwendo uja atautambasula. Mwana wawo woyamba, wa zaka 19, analembedwa ntchito pa esiteti yomweyo mu December. Ndinamugulira kope la masamba 80 n'kumuuza kuti tsiku lililonse msana ukawawa alembe deti, makilo amene wathyola, ndi amene wamuuza. Pamene ndinkabwerera ku sukulu anali atadzaza masamba anayi.